Intaneti Ikamachedwa Pakhomo: Kuyeza Kaye Eriyo Isanagulidwe

Ntchito zambiri zimene kale zinkafuna ulendo wa ku boma kapena ku tauni masiku ano zikuchitikira pa intaneti. Wophunzira amene akufunsira malo m'mayunivesite a boma kudzera ku bungwe la NCHE, mphunzitsi amene akuwonjezera maphunziro ake ali pakhomo, wamalonda amene akupereka msonkho ku MRA kudzera pa Msonkho Online, mlembi wa kopaletivu amene akutumiza malipoti a pamwezi, ngakhalenso agogo amene akufuna kuona nkhope za adzukulu awo a ku Joni pa WhatsApp, onsewa amadalira netiweki ya foni. M'mawodi ambiri mulibe mawaya a intaneti ofika m'nyumba za anthu, kotero intaneti ya pakhomo imadzera m'mlengalenga kuchokera ku nsanja za makampani a mafoni monga TNM ndi Airtel.

Intaneti ikayamba kuchedwa, anthu ambiri amathamangira kukagula chipangizo china, kaya rauta yatsopano kapena eriyo yoika padenga, imene ogulitsa ena amaitchula kuti antena. Ena zimawayendera bwino. Ena amawononga ndalama zimene zikadagula fetereza kapena kulipira fizi, koma liwiro la intaneti n'kukhala lomwelo. Chifukwa chake n'chakuti kuchedwa kwa intaneti kuli ndi magwero atatu osiyana, ndipo eriyo imathetsa limodzi lokha mwa atatuwo. Phunziro lino likufotokoza momwe banja lingadziwire gwero la vuto lake lisanatulutse ndalama, komanso zoyenera kutsata ngati eriyo ikufunikadi.

Ulendo wa intaneti ndi malo atatu amene imachedwera

Rauta ndi kabokosi kamene kamalowetsedwa simu khadi. Ntchito yake ndi kulandira mafunde a netiweki kuchokera pansanja n'kugawira mafoni ndi makompyuta a m'nyumba kudzera pa Wi-Fi. Motero uthenga uliwonse umayenda maulendo awiri: kuchokera pansanja kufika pa rauta, ndi kuchokera pa rauta kufika pafoni.

Vuto loyamba limakhala pa ulendo woyambawo, pamene mafunde akufika pa rauta atafooka kapena atasakanikirana ndi mafunde ena. Vuto lachiwiri limakhala m'nyumba momwemo, pamene rauta ikulandira bwino koma Wi-Fi ikulephera kudutsa makoma, kapena anthu olumikizidwa achuluka. Vuto lachitatu limakhala pansanja penipeni. Nsanja ili ngati mjigo wa m'mudzi: masana munthu amafika n'kutunga nthawi yomweyo, koma madzulo ndowa zikandandalikana aliyense amadikira, ngakhale ndowa yake ikhale yatsopano. Anthu ambiri akalowa pa intaneti nthawi imodzi, mphamvu ya nsanja imagawidwa pakati pawo, ndipo gawo la aliyense limachepa. Eriyo ya padenga imathandiza kwenikweni pa vuto loyamba. Pa lachiwiri sithandiza konse, ndipo pa lachitatu imathandiza pang'ono, pokhapokha italozedwa ku nsanja ina imene ili ndi anthu ochepa.

Zimene zimafooketsa mafunde

Mafunde amafooka akayenda mtunda wautali, ndiponso akakumana ndi zotchinga. Phiri kapena chitunda chimene chili pakati pa nyumba ndi nsanja ndicho chotchinga chachikulu. Nyumba ya m'chigwa kapena m'mbali mwa dambo imavutika kuposa ya pamtunda, ngakhale zonse zitatalikirana mofanana ndi nsanja. Mitengo ya masamba ambiri, monga mango ndi bulugamu, imamwa mafunde, makamaka masambawo akanyowa. N'chifukwa chake nyumba ina imalandira bwino m'chilimwe koma n'kumavutika m'dzinja.

Nyumba nayo imatchinga. Chitsulo chimabweza mafunde monga momwe galasi limabwezera kuwala, kotero denga la malata, chitseko chachitsulo, gozi ndi zitsulo zotetezera pazenera zimachepetsa mafunde olowa m'nyumba. Makoma a njerwa zowotcha ndi a konkire amachepetsanso, ndipo khoma lililonse lowonjezera limachotsako mphamvu ina. Rauta imene yaikidwa pansi m'chipinda chapakati, pansi pa malata, ili pamalo ovuta kwambiri m'nyumba yonse.

Mafundewo alinso m'magulu, ndipo amayezedwa mu MHz. Magulu apansi, monga 800 ndi 900 MHz, amayenda mtunda wautali ndipo amalowa bwino m'nyumba. Magulu apamwamba, monga 1800, 2100 ndi 2600 MHz, kawirikawiri amanyamula zinthu zambiri pa nthawi imodzi koma amafooka msanga. Ichi n'chifukwa chake nyumba ya kutali ndi nsanja imatha kukhala ndi netiweki yokwanira kuimbira foni, koma intaneti yake n'kukhala yoyenda pang'onopang'ono.

Kayezedwe kake

Timizere ta netiweki timene timaoneka pafoni kapena pa rauta sitinena zonse. Kuyeza kwenikweni kuli pawiri, ndipo konse kumafuna foni, kope ndi cholembera basi.

Koyamba ndi kuyeza liwiro. Pulogalamu ya Speedtest kapena tsamba la fast.com limaonetsa liwiro mu Mbps. Mwini nyumba ayeze ataima pafupi ndi rauta, anthu ena onse atachotsa mafoni awo pa Wi-Fi. Ayeze katatu pa tsiku, m'bandakucha, masana ndi madzulo cha m'ma 8 koloko, kwa masiku atatu, ndipo azilemba zotsatira zake. Kuyezaku kumadya bandulo, kotero sikofunika kubwereza kambirimbiri pa nthawi imodzi.

Kwachiwiri ndi kuyeza mphamvu ya mafunde. Rauta iliyonse ili ndi tsamba lake limene limatsegulidwa pafoni yolumikizidwa ku rautayo. Adiresi yake imalembedwa kunsi kapena kumbuyo kwa rauta, pamodzi ndi dzina ndi mawu achinsinsi olowera. Kawirikawiri imakhala 192.168.8.1, 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1. Pa marauta ambiri a 4G tsambali limaonetsa manambala awiri ofunika kwambiri, RSRP ndi SINR.

RSRP imaonetsa mphamvu ya mafunde ndipo imayezedwa mu dBm. Nambala yake imayamba ndi kamzere kochotsera, ndipo iwerengedwe ngati ngongole: amene ali ndi ngongole ya 85 ali bwino kuposa wa ngongole ya 110. RSRP ya pafupi ndi -80 ndi yabwino kwambiri, ya pakati pa -90 ndi -100 ndi yapakatikati, ndipo ikafika -110 kapena kupyola apo, mafunde ndi ofooka. SINR imaonetsa ngati mafundewo akumveka bwino pakati pa phokoso la mafunde ena, monga momwe mawu a munthu mmodzi amamvekera pamsika. Imayezedwa mu dB, ndipo ikakwera ndiye kuti zinthu zili bwino: 20 ndi yabwino kwambiri, 13 ndi yabwino, yochepera 5 ndi yofooka, ndipo ikatsika kupyola 0 intaneti imadukaduka. Kusintha kwa 3 dB kumatanthauza kuti mphamvu yawirikiza kawiri kapena yatsika ndi theka, ndipo kusintha kwa 10 dB ndi kuwirikiza kakhumi. Motero kusiyana kooneka kochepa pamanambalawa kumakhala kwakukulu.

Zolembedwa m'kope zija ndizo zimaulula gwero la vuto. Ngati RSRP ndi SINR zili zofooka ndipo liwiro ndi lotsika nthawi zonse, usiku ndi usana, vuto lili pa mafunde ndipo eriyo ikhoza kuthandiza. Ngati manambala ali bwino, liwiro lili bwino m'bandakucha koma limagwa madzulo, vuto ndi kuchuluka kwa anthu pansanja. Ngati liwiro lili bwino pafupi ndi rauta koma n'lotsika kuchipinda kapena kukhonde, vuto ndi Wi-Fi.

Zoyamba kuchita, zosalira ndalama

Asanaganize zogula kanthu, mwini nyumba ayendetse rauta m'nyumba monse. Ailumikize ku chingwe chachitali cha magetsi, aiike pazenera lililonse kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, ndipo alembe RSRP ndi SINR za pamalo aliwonse. Zenera loyang'ana kumene kuli nsanja ndilo limapambana kawirikawiri. Rauta ikhale pamwamba, kutali ndi wailesi yakanema, firiji ndi zitsulo, koma isawombedwe ndi dzuwa, pakuti ikatentha kwambiri imachedwa kapena kuzima.

Kenaka atulutse rautayo panja, aikweze pamalo okwera bwino, n'kuyezanso. Kuyeza kumeneku ndiko kumanena ngati eriyo ingapindulitse. Mwachitsanzo, nyumba ikhoza kuonetsa RSRP ya -112 pabalaza, -104 pazenera ndi -94 panja pamwamba. Pamenepa mafunde abwino alipo, koma nyumba ndiyo ikuwatchinga, ndipo eriyo idzawalowetsa. Koma ngati panja pamwamba palibe 4G ngakhale pang'ono, mpata woti eriyo ithandize ndi wochepa, chifukwa eriyo sipanga mafunde. Imangotola amene alipo.

N'kwanzerunso kubwereka simu khadi ya kampani ina n'kuyesa pamalo omwewo. Nsanja za makampani sizikhala mbali imodzi nthawi zonse, ndipo nthawi zina kusintha simu khadi kumathetsa vuto limene munthu akadaligulira chipangizo chodula. Ngati rauta imangodumphadumpha pakati pa 3G ndi 4G, tsamba lake lija limalola kuiuza kuti izigwira 4G yokha.

Kumbali ya Wi-Fi, mawu achinsinsi amene anabwera ndi rauta asinthidwe, ndipo mwini wake aziona patsamba lija kuti mafoni olumikizidwa ndi angati. Si zachilendo kupeza kuti mawu achinsinsi anafalikira kwa anansi kudzera mwa ana. Marauta ena ali ndi Wi-Fi ya mitundu iwiri: ya 2.4 GHz imafika patali ndipo imadutsako makoma, pamene ya 5 GHz imathamanga kwambiri koma pafupi pokha.

Kusankha rauta

Si rauta iliyonse imene imalandira eriyo yakunja. Wogula ayang'ane kumbuyo kapena m'mbali ngati muli timabowo tiwiri tolumikizirapo eriyo. Marauta akuluakulu a m'nyumba amakhala ndi tolumikizira ta mtundu wa SMA, tomangira ngati nati, pamene timarauta ting'onoting'ono ta m'thumba timakhala ndi ta mtundu wa TS9 kapena sitikhala nato konse. Eriyo ndi rauta zikhale ndi tolumikizira togwirizana.

Marauta a 4G alinso m'magulu. Ya gulu la Cat 4 malire ake ndi 150 Mbps, pamene ya Cat 6 malire ake ndi 300 Mbps chifukwa imatha kuphatikiza magulu awiri a mafunde nthawi imodzi ngati nsanja ikulola. Manambalawa ndi malire a chipangizocho, si lonjezo la liwiro limene nyumba idzapeze. Wogula afunsenso ngati rautayo inatsekeredwa ku kampani imodzi, ngati imalandira magulu a mafunde amene kampani yake imagwiritsa ntchito m'deralo, komanso ngati mtundu wake ndi wovomerezeka ndi bungwe la MACRA, limene limayang'anira ntchito zofalitsa mauthenga m'dziko muno. Funso la magulu a mafunde ndi lofunika makamaka pa rauta imene yatumizidwa ndi wachibale kuchokera kunja, popeza mayiko sagwiritsa ntchito magulu ofanana. Lisiti isasiyidwe, ndipo ndi bwino kugwirizana ndi wogulitsa za kubweza katundu ngati sagwira ntchito.

Mitundu ya eriyo

Maeriyo ali m'magulu awiri akuluakulu. Ena amalandira kuchokera mbali zonse. Amaoneka ngati ndodo kapena paipi yoima. Savuta kuika, koma mphamvu yawo yotola mafunde ndi yochepa ndipo amatolanso phokoso la nsanja zina. Amayenera nyumba imene ili pafupi ndi nsanja koma makoma ndi malata ndizo zikutchinga. Ena amalandira kuchokera mbali imodzi. M'gululi muli a mtundu wa Yagi, ooneka ngati minga ya nsomba, ndi ena aphanthiphanthi ngati thireyi. Amenewa amatola mafunde a kutali ndipo amasiya phokoso la kumbuyo ndi la m'mbali, kotero amakweza RSRP ndi SINR yomwe. Ndiwo oyenera midzi yotalikirana ndi nsanja, koma amafuna kulozedwa molondola.

Mphamvu ya eriyo imalembedwa mu dBi. Wogula achenjere ndi kaeriyo kakang'ono kotchipa kolembedwa manambala aakulu kwambiri, pakuti mphamvu yeniyeni imayenderana ndi kukula kwa eriyo. Aonenso kuti magulu a mafunde olembedwa pabokosi akuphatikiza amene nsanja yake imagwiritsa ntchito. Eriyo ya wailesi yakanema sinapangidwire ntchito imeneyi.

Netiweki ya 4G imatumiza uthenga panjira ziwiri nthawi imodzi, njira imene akatswiri amaitcha MIMO. N'chifukwa chake rauta imakhala ndi timabowo tiwiri. Eriyo yabwino ya 4G imakhala ndi zingwe ziwiri, ndipo zonse ziyenera kulumikizidwa. Kulumikiza chimodzi chokha kuli ngati kutseka mbali imodzi ya msewu.

Chingwe

Anthu ambiri amasamala posankha eriyo koma n'kulakwitsa pa chingwe. Mafunde amafooka akamayenda m'chingwe, ndipo chingwe chikakhala chopyapyala ndi chachitali, chimadya mphamvu yochuluka. Pa mafunde a 1800 MHz, mamita 10 a chingwe chopyapyala cha mtundu wa RG58 amataya pafupifupi 7 dB, pamene mamita 10 a chingwe chokhuthala cha mtundu wa LMR-400 amataya pafupifupi 2 dB. Motero eriyo ya 9 dBi yolumikizidwa ndi mamita 10 a chingwe chopyapyala imafikitsa pa rauta kachigawo kochepa chabe ka phindu lake. Lamulo lake n'lakuti chingwe chikhale chachifupi ndi chokhuthala, chopanda mfundo zolumikiza pakati. Ndi bwino kusendeza rauta kufupi ndi eriyo kusiyana ndi kutalikitsa chingwe. Chingwe cha dishi ya wailesi yakanema ndi cha 75 ohm, pamene rauta ndi eriyo yake zimafuna cha 50 ohm, kotero sichiyenera pantchitoyi.

Pamene mzati uyenera kukhala wautali kwambiri kapena kutali ndi nyumba, pali marauta a panja amene eriyo ndi simu khadi zimakhala m'bokosi limodzi losalowa madzi. Bokosilo limakwezedwa pamzati, ndipo intaneti imatsikira m'nyumba pa chingwe cha Ethernet, chimene chimanyamulanso magetsi ake ndipo chimatha kufika mamita 100 popanda kuchepetsa liwiro. Mtengo wake ndi wokwererapo, koma umathetsa vuto la chingwe.

Kuimika ndi kuloza eriyo

Ntchitoyi ndi ya anthu awiri: mmodzi pamwamba akutembenuza eriyo, wina pansi akuwerenga manambala. Eriyo itembenuzidwe pang'ono, aisiye kwa theka la mphindi kapena kuposerapo kuti manambala akhazikike, kenaka alembe. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Malo oyenera ndi amene SINR yakwera kwambiri ndipo liwiro latsimikiza, osati amene RSRP yokha yakwera. Nsanja yapafupi si nthawi zonse imene imapambana. Ina yakutali pang'ono, yopanda chotchinga ndi ya anthu ochepa, ikhoza kupereka liwiro labwino. Eriyo ikhale pamwamba pa mtanda wa denga kuti malata asaitchinge, imangidwe molimba kuti mphepo isaitembenuze, ndipo polumikizira pakulungidwe ndi tepi yoletsa madzi. Chingwe chitsike pang'ono chisanalowe m'khoma kuti madzi a mvula azidontha panja m'malo motsatira chingwecho kulowa m'nyumba.

Moyo ndi wofunika kuposa intaneti. Mzati wachitsulo uimikidwe patali ndi mawaya a ESCOM, pamalo poti ngakhale utagwa sungawakhudze. Munthu asakwere padenga malata ali onyowa kapena kukuchita mabingu, ndipo makwerero azigwiridwa ndi mnzake. Chitsulo chotalika kuposa denga chili pangozi ya mphenzi, makamaka m'nyengo ya mvula kuyambira mu Novembala mpaka mu Epulo. Mmisiri wa zamagetsi alumikize mzatiwo ndi waya wokhuthala ku chitsulo chokhomeredwa pansi, ndipo kukayamba mabingu zingwe za eriyo ndi za magetsi zizulidwe pa rauta mvula isanafike pafupi. Amene akuchita lendi apemphe kaye chilolezo kwa eni nyumba.

Chenjezo pa mabusita ndi pa bandulo

M'misika mumapezekanso zipangizo zotchedwa mabusita, zimene zimalandira mafunde, kuwakuza ndi kuwaulutsanso. Busita imasiyana ndi eriyo wamba chifukwa imaulutsa mafunde payokha m'magulu amene makampani anapatsidwa chilolezo. Yosapangidwa bwino kapena yoikidwa molakwika imasokoneza nsanja n'kuwonongera netiweki mudzi wonse. Aliyense amene akuiganizira afunse kaye kampani yake ya foni kapena MACRA. Safunsa anadya phula.

Banja lidziwenso kuti liwiro likakwera, bandulo imatha msanga. Makanema a pa YouTube, Facebook ndi TikTok amadzikweza okha kuti azioneka bwino intaneti ikamathamanga, ndipo mafoni amayamba kukonzanso mapulogalamu awo akangolumikizidwa ku Wi-Fi. Walira mvula walira matope. Ndi bwino kutsitsa kaonekedwe ka makanema, kuletsa mafoni kudzikonzera mapulogalamu, ndi kumaona patsamba la rauta kuchuluka kwa zimene zagwiritsidwa ntchito. Pa nkhani ya magetsi, marauta ambiri a m'nyumba amagwiritsa ntchito mavoti 12 ndipo sadya magetsi ambiri, kotero batire la sola likhoza kuwayendetsa, bola mwini wake atsimikize zolembedwa pa chaja yake.

Vuto likaposa pakhomo

Pali mavuto amene banja limodzi silingathe. Ngati mudzi wonse ulibe 4G, kapena liwiro limagwa madzulo aliwonse kwa aliyense, mankhwala ake ali m'manja mwa kampani, imene ingawonjezere mphamvu ya nsanja kapena kumanga ina. Apa kope lija limagwiranso ntchito. Dandaulo lonena tsiku, nthawi, malo ndi manambala limamveka kuposa longoti netiweki ikuvuta. Dandaulo lipite kaye ku kampani, ndipo wodandaula asunge nambala imene apatsidwe. Ngati silinathandizidwe, likhoza kupita ku MACRA.

Midzi imene ilibiretu netiweki ikambirane nkhaniyi mu komiti ya chitukuko ya m'mudzi, VDC, kuti ipite ku komiti ya dera, ADC, ndi kwa khansala wa wodi, monga zimayendera nkhani za mijigo, milatho ndi midadada ya sukulu. Lamulo la zofalitsa mauthenga la chaka cha 2016 linakhazikitsa thumba la Universal Service Fund, limene cholinga chake ndi kufikitsa ntchito zoterezi kumadera osafikidwa mokwanira. Dera limene lalemba bwino malo ovutika, chiwerengero cha mabanja, sukulu, zipatala ndi misika imene ikukhudzidwa limapatsa khonsolo umboni wogwirika pokambirana ndi makampani komanso MACRA.

Choncho ndondomeko yake ndi iyi: kuyeza kwa masiku atatu, kusuntha rauta, kuyesa simu khadi ina, kuyeza panja pamwamba, ndipo pokhapo n'kusankha ngati eriyo ikufunika ndi mtundu wake. Banja limene lamaliza kuyeza lithandizenso anansi ake kuyeza kwawo, ndipo zotsatirazo ziperekedwe kwa mlembi wa VDC pamsonkhano wotsatira.